Pikapu yatsopano koma imagona ku galaja: kodi kampani ingakakamizidwe kupereka ina?

Munthu akagula pikapu yatsopano, mapulasitiki akadali pamipando, sayembekezera kuti mwezi usanathe akhala atadziwana ndi amakaniko onse a kwa wogulitsa. Koma zimachitika. Giya imakana kulowa m'mawa injini ikadali yozizira, nyali yachikasu ya injini imayaka n'kuzima yokha, chiwongolero chimanjenjemera galimoto ikafika pa makilomita 100 pa ola. Waipititsa, aikonza, wabwera nayo, patha sabata ziwiri vuto lija labwereranso. Apa m'pamene funso limabwera: bwanji osangondipatsa ina?

N'zotheka ndithu, ngakhale kuti sizichitika kawirikawiri. Chimene chimagamula nkhaniyi ndi zinthu zowerengeka: lamulo la dziko limene galimotoyo inagulidwa, kukula kwa vutolo, kuti ayesa kulikonza kangati, galimoto yagona masiku angati ku galaja, ndiponso ngati zonsezi zinalembedwa papepala.

Wogulitsa ndi wopanga si munthu mmodzi

Chisokonezo choyamba chimayambira pachikwangwani. Pamalo ogulitsira magalimoto pamakhala dzina la kampani yopanga, antchito avala yunifolomu ya chizindikiro chomwecho, ndiye wogula amaona ngati akulankhula ndi eni fakitale. Nthawi zambiri sizili choncho. Wogulitsayo ndi bizinesi yapayokha imene imatenga magalimoto kwa wopanga, kapena kwa kampani yoitanitsa m'dzikomo, n'kumagulitsa. Akakonza galimoto pa warranty, lonjezo la wopanga lokonza mwaulere, amalemba ntchitoyo n'kutumiza kwa wopanga kuti amubwezere maola a makaniko ndi mtengo wa zipangizo. Pa ntchito zikuluzikulu, monga kusintha injini kapena giyabokosi yonse, amayamba wapempha chilolezo. Tsono bwana wa galaja akanena kuti mphamvu yopereka galimoto ina alibe, kawirikawiri akunena zoona.

Zili ngati denga la malata likadontha: wolakwa ndi mmisiri amene anakhoma, kapena fakitale imene inapanga malatawo? Malamulo a mayiko amayankha mosiyana. Ku United States, malamulo a magalimoto atsopano olakwika amagwira wopanga. Ku Britain, Consumer Rights Act ya 2015 imagwira wogulitsa, popeza ndiye munapangana naye malonda. Ku South Africa, gawo 56 la Consumer Protection Act ya 2008 limamanga onse: wopanga kapena woitanitsa, wogawa, ndi wogulitsa. Pamene pamatsala funso ndi pa galimoto yogulidwa m'dziko lina n'kuiwolotsa malire. Warranty zambiri zimagwira m'dera limene galimotoyo inakonzedwera kugulitsidwa, ndipo kampani ya m'dziko lachiwiri ikhoza kukana kuti iyo siikudziwa.

Warranty imalonjeza chiyani kwenikweni

Warranty ndi lonjezo lolembedwa lakuti chinthu chikawonongeka chifukwa cha zipangizo kapena kapangidwe ka ku fakitale, mkati mwa nthawi kapena mtunda wakutiwakuti, kampani idzakonza popanda kukulipiritsani. Ku United States mapikapu ambiri amabwera ndi zaka 3 kapena mailosi 36,000 pa galimoto yonse, ndi zaka 5 kapena mailosi 60,000 pa injini, giyabokosi ndi zoyendetsa mawilo. Chimene chayamba kukwana pa ziwirizo ndicho chimatseka.

Werengani kabuku ka warranty modekha. Mupeza kuti lonjezo ndi lokonza kapena kusintha chipangizo cholakwikacho. Simupezamo mawu oti mudzapatsidwa galimoto ina. Kale, kampani inkatha kumangokonza vuto limodzi chaka chonse, wogula n'kusowa pogwira. Mu 1975 dziko la United States linakhazikitsa lamulo la Magnuson-Moss Warranty Act, lokakamiza makampani kulemba warranty momveka, ndiponso lolola wogula amene wapambana mlandu kuti kampani imulipirire loya. Koma lamulolo silinaike nambala yakuti akakonza kangati ndiye kuti zakanika. Mpata umenewo ndi umene malamulo ena anabwera kudzatseka.

Lemon law ndi manambala ake

Anthu olankhula Chingelezi amatchula galimoto yatsopano yosamva kukonzedwa kuti lemon, kutanthauza ndimu. Ganizo lake ndi lija la chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Lemon law ndi lamulo loti galimoto yotere kampani iilandirenso, ipereke ina kapena ibweze ndalama. Chigawo cha Connecticut ku United States ndicho chinayamba kukhazikitsa lamulo lotere mu 1982, ndipo lero zigawo zonse 50 za United States zili ndi lawolawo. Mfundo yake ndi imodzi, koma manambala amasiyana.

Ku California, lamulo limatenga kuti kampani yapatsidwa mpata wokwanira ngati, mkati mwa miyezi 18 kapena mailosi 18,000, chimodzi mwa izi chachitika: vuto lomwelo layesedwa kukonzedwa kanayi kapena kuposa ndipo likadalipo, vuto loti lingaphe kapena kuvulaza kwambiri munthu layesedwa kawiri, kapena galimoto yagona ku galaja masiku oposa 30 mukawaphatikiza onse. Pa njira ziwiri zoyambazo, wogula ayenera kuti anadziwitsa wopanga mwachindunji kamodzi, ngati kabuku ka galimotoyo kanamuuza kutero. Ku Texas nthawi yake ndi miyezi 24 kapena mailosi 24,000, manambala a kanayi, kawiri ndi masiku 30 ndi omwewo, koma pali kusiyana kumene ambiri kumawadutsa: ngati wogulitsa anakubwerekani galimoto yofanana nayo pamene yanu inali ku galaja, masiku amenewo sawerengedwa. Ku Florida, akayesa katatu, wogula amalembera wopanga kalata yoti wolandira asainire, n'kumupatsa mpata wotsiriza woti akonze.

Mayiko ena sawerenga chonchi. Ku Britain muli ndi masiku 30 oyamba oti mutha kubweza galimoto yolakwika n'kulandira ndalama zonse. Akadutsa, wogulitsa ali ndi mpata umodzi wokonza kapena kusintha, ndipo zikakanika mutha kuikana kotheratu. Vuto likaoneka mkati mwa miyezi 6 yoyamba, lamulo limatenga kuti linalipo kale pogula, ndipo wogulitsa ndiye ayenera kubweretsa umboni wotsutsa. Ku South Africa wogula ali ndi miyezi 6 yoti asankhe yekha pakati pa kukonza, kusintha ndi kubwezeredwa ndalama, ndipo akasankha kukonza, vuto n'kubwereranso mkati mwa miyezi 3, wogulitsa ayenera kusintha kapena kubweza ndalama. Ku Australia kulibe nambala yokhazikika. Nkhani imagona poti vutolo ndi lalikulu kapena ayi.

Njira yabwino ndi iti? Manambala okhazikika amathandiza aliyense kudziwa pamene waima, koma amasiya kunja munthu amene vuto lake layamba sabata imodzi nthawi itatha. Lamulo lopanda manambala limamvera nkhani iliyonse payokha, koma limatha kukokera anthu ku mikangano yaitali. Akatswiri a malamulo sanagwirizanebe.

Vuto lalikulu ndi liti

Si kakulira kalikonse ka pa dashibodi kamene kangabweretse galimoto yatsopano. Malamulo ambiri a ku America amati vutolo liyenera kuchepetsa kwambiri chimodzi mwa zitatu: kagwiritsidwe ntchito ka galimoto, mtengo wake, kapena chitetezo chake. Mabuleki otaya mphamvu, injini yozima yokha pamsewu, giyabokosi yodumpha magiya mutakoka ngolo, chiwongolero chouma mwadzidzidzi, madzi a mvula olowa m'kabini n'kunyowetsa mawaya, zonsezi zimalowa. Wailesi yochedwa kulumikizana ndi foni kawirikawiri silowa. Mu 2021 khoti la Supreme Court of Appeal ku South Africa linagamula kuti si kalema kalikonse kakang'ono kamene lamulo limakatcha vuto loyenera kubwezera galimoto.

Makampani nawonso ali ndi mfundo zawo pano. Madandaulo ena sachokera ku fakitale. Pikapu ya dizilo yamakono ili ndi sefa ya mwaye m'paipi ya utsi, yotchedwa DPF, imene imafuna kutentha kwa pafupifupi madigiri 600 kuti iwotche mwayewo. Galimoto yongoyenda timaulendo tatifupi ta m'tauni siifika pamenepo, sefa imatsekeka, nyali imayaka, injini imachepa mphamvu. Chimodzimodzi pikapu ya 4x4 yochita kulowetsa ndi dzanja: mukaiyendetsa pa 4H, pamene mawilo onse anayi amakoka, pamsewu wa tara wouma, imalimba pokhota, matayala amalira, ndipo pakapita nthawi zitsulo zotumiza mphamvu ku mawilo zimapweteka. Apa kampani imati galimoto ilibe vuto, kayendetsedwe ndiko kalakwika. Wogula naye angafunse ngati anauzidwa zimenezi asanapereke ndalama.

Job card: pepala limene limagamula mlandu

Apa m'pamene madandaulo ambiri amapambanira kapena kugwera. Job card ndi pepala limene galaja imatsegula galimoto ikalowa. Ili ngati kabuku ka kuchipatala: dokotala wina amene sanakuoneni amakhulupirira zimene zalembedwamo, osati zimene mukukumbukira. Woweruza kapena mkhalapakati sadzamva kulira kwa giyabokosi yanu. Adzawerenga mapepala.

Job card yabwino imakhala ndi zinthu izi: tsiku lolowa ndi lotuluka, makilomita a pa mita polowa ndi potuluka, nambala ya chasisi yotchedwa VIN, ya zilembo ndi manambala 17, dandaulo lanu, chimene makaniko wapeza, ndi chimene wachita, kuphatikizapo manambala a zipangizo zimene wasintha. Musasaine musanawerenge. Mukanena kuti galimoto imazima yokha mukaima pa maloboti, wolembayo n'kulemba kuti "kuona injini", ulendo umenewo wapita pachabe, chifukwa palibe chosonyeza kuti ndi vuto lomwe lija la mwezi watha.

Fotokozani zimene galimoto ikuchita, musamuuze makaniko chimene chawonongeka. Mukati "turbo yafa", iwo aona turbo, apeza ili bwino, alemba kuti palibe vuto. Mukati "imataya mphamvu pokwera mtunda pa giya yachinayi, injini itatentha, nyali yachikasu n'kuyaka", ndiye kuti mwawapatsa ntchito yofufuza mpaka apeze. Ndipo ulendo uliwonse gwiritsani ntchito mawu omwewo. Lamulo limawerenga maulendo a vuto limodzi. Maulendo anayi olembedwa mosiyanasiyana, wina "kunjenjemera", wina "phokoso", wina "kuona matayala", loya wa kampani adzawatcha mavuto anayi osiyana, lililonse lokonzedwa kamodzi.

Chovuta kwambiri ndi vuto lobwera n'kupita. Galimoto ikafika ku galaja imakhala bwinobwino, ngati mwana wodwala amene wachira ataona jakisoni. Makaniko alemba kuti vuto silinaoneke. Pepala limenelo litengeni ndithu. M'zigawo zambiri limawerengedwa ngati mpata umene kampani inapatsidwa. Koma thandizani kuti vutolo ligwidwe. Wina amene mwakwera naye ajambule kanema pafoni, dashibodi ikuoneka ndi liwiro ndi nyali zake. Lembani tsiku, nthawi, nyengo, katundu amene munanyamula, ndi kuti injini inali yozizira kapena yotentha. Pemphani kuti mkulu wa amakaniko akwere nanu mumuonetse.

Chinanso: musachotse batire, ndipo musafufute makodi ndi kachipangizo kotchipa kolumikiza pansi pa chiwongolero. Galimoto zamakono zili ndi soketi ya mapini 16 ya OBD-II, imene ku United States inakhala yokakamiza kuyambira 1996. Kompyuta ya galimoto ikaona vuto imasunga kodi. P0300 imatanthauza kuti masilinda sakuwotcha bwino mafuta mosinthanasinthana. P0700 imatanthauza kuti kompyuta ya giyabokosi yasunga vuto lake. Pamodzi ndi kodiyo imasunganso mmene zinthu zinalili pa mphindi imeneyo: liwiro, kazunguliridwe ka injini, kutentha kwa madzi. Mukafufuta, mwataya mboni yanu yosanama. Pemphani kuti makodi amene apezeka alembedwe pa job card.

Samalaninso ndi job card imodzi yosiyidwa yotsegula. Galaja ina imakuuzani kuti mutenge kaye galimoto, mudzabwere chipangizo chikafika, ndipo maulendo atatu amalembedwa papepala limodzi. Mwina sachita mwadala, koma pamapeto pake maulendo atatuwo amaoneka ngati umodzi. Ulendo uliwonse ukhale ndi pepala lake. Malonjezo a pafoni atsatizeni ndi imelo yobwereza zimene mwagwirizana. Pepani sapoletsa chilonda, ndipo "tikuimbirani" wa pakamwa sangaonetsedwe kwa woweruza.

Misampha ya pikapu

Pikapu ili ndi zovuta zimene galimoto yaing'ono ilibe, chifukwa anthu amaigulira ntchito ndipo amakonda kuisintha. Kuikweza, kuika matayala aakulu, kusintha pulogalamu ya injini kuti ikhale yamphamvu, kuchotsa DPF, kulumikiza nyali zowonjezera podula mawaya a fakitale, zonsezi zimapatsa kampani pothawira. Ku United States lamulo la Magnuson-Moss sililola kampani kufafaniza warranty yonse chifukwa chongoti mwaika chipangizo cha kampani ina; iyenera kusonyeza kuti chipangizocho ndicho chayambitsa vutolo. Koma matayala aakulu amalemetsadi giyabokosi ndi mabelingi, ndipo pulogalamu yosinthidwa imasiya chizindikiro m'kompyuta ngakhale mutabwezeretsa yakale. Galimoto ikayamba kuvuta, isiyeni mmene inachokera ku fakitale.

Kulemera nako. Pamphuthu ya chitseko cha dalaivala pali kachikwangwani konena kulemera kumene galimoto siyenera kupyola, kuphatikiza anthu, mafuta ndi katundu. Ngolo nayo ili ndi malire ake. Masipuling'i opindika ndi chasisi yong'aluka kumbuyo kwa kabini ndi zizindikiro zimene injiniya wa kampani amayamba kuyang'ana. Sevisi iliyonse ichitike pa nthawi yake, ndi oyilo wa mtundu wolembedwa m'kabuku, malisiti n'kusungidwa.

Msampha wina ndi dzina la mwini wake. Malamulo ambiriwa analembedwera munthu wogula galimoto yoyendera iye ndi banja lake. Ku Britain, Consumer Rights Act sigwira pikapu yogulidwa makamaka pa ntchito za bizinesi. Ku California galimoto ya bizinesi imalowa ngati kulemera kwake sikufika mapaundi 10,000, amene ndi makilogalamu pafupifupi 4,500, ndipo bizinesiyo ili ndi magalimoto osaposa asanu. Ku Florida mathiraki oposa mapaundi 10,000 salowa n'komwe. Nanga mmisiri amene pikapu yomweyo amanyamulira zida mkati mwa sabata, Loweruka n'kutengera ana? Pamenepo mpamene maloya amakanganirana.

Recall ndi nkhani ina

Recall ndi pamene kampani iitanitsa magalimoto onse a mtundu wina chifukwa cha vuto loopseza chitetezo. Ku United States dongosololi linachokera ku lamulo la 1966, ndipo limayang'aniridwa ndi bungwe la NHTSA. Anthu ambiri akamva kuti galimoto yawo yaitanidwa amaganiza kuti apatsidwa ina. Kawirikawiri kampani imasankha kukonza. Mu 2024 Toyota inaitanitsa magalimoto pafupifupi 102,000 a Tundra ndi Lexus LX chifukwa cha tizitsulo totsalira m'injini popanga, ndipo inasintha injini, osati galimoto. Kugulanso magalimoto kumachitika mwa apo ndi apo: mu 2015 Fiat Chrysler inagwirizana ndi NHTSA kuti igulenso mapikapu ena a Ram a vuto la zitsulo za chiwongolero ndi za kunsi, atapezeka kuti kampaniyo sinayendetse bwino ntchito zoitanitsa.

Palinso makalata amene wopanga amatumiza kwa amakaniko ake ofotokoza vuto lodziwika ndi kakonzedwe kake, otchedwa TSB. Funsani ngati ilipo ya vuto lanu. Ikakhalapo, kampani singanenenso kuti vutolo siikulidziwa.

Kalata, mkhalapakati, khoti

Manambala akayandikira kukwana, lemberani wopanga, osati wogulitsa yekha. Adilesi imakhala m'kabuku ka warranty. Kalatayo ikhale ya tsamba limodzi: VIN, tsiku logula, vuto m'chiganizo chimodzi, masiku ndi makilomita a ulendo uliwonse, masiku onse amene galimoto yagona, ndi chimene mukufuna, kaya galimoto ina kapena ndalama. Ikanimo makope a job card, enieniwo musunge. Tumizani m'njira yosiya umboni woti yalandiridwa, ndipo funsani nambala ya dandaulo lanu. Zotukwana ndi zoopseza sizionjezera kanthu.

Kampani ikakana, m'malo ambiri muyenera kudutsa kaye kwa mkhalapakati musanapite kukhoti. Ku United States makampani ambiri amagwiritsa ntchito dongosolo la mkhalapakati lotchedwa BBB AUTO LINE, ndipo zigawo zina zili ndi dongosolo la boma. Ku South Africa kuli Motor Industry Ombudsman. Njirayi ndi yotchipa komanso yachangu, ngakhale ena amadandaula kuti madongosolo ena amalipiridwa ndi makampani omwewo. Nthawi yodandaulira ili ndi malire: ku Texas ndi miyezi 6 kuchokera pamene warranty yatha, miyezi 24 yakwana kapena mailosi 24,000 akwana, chimene chayamba. Pa nthawi yonseyi musasiye kulipira ngongole ya kubanki. Banki ilibe gawo pa mkangano wanu ndi fakitale, ndipo ikhoza kulanda galimotoyo.

Galimoto ina kapena ndalama

Mukapambana, masamu amayamba. Kampani ili ndi ufulu wochotsako ndalama za mtunda umene munayenda galimoto ili bwino. Ku California amatenga mailosi a pa mita pa tsiku loyamba kupititsa galimoto ndi vutolo, n'kugawa ndi 120,000, n'kuchulukitsa ndi mtengo. Tiyerekeze pikapu ya madola 60,000 imene inalowa koyamba ku galaja ili pa mailosi 6,000: amachotsa madola 3,000. Mukanazengereza mpaka mailosi 15,000, akanachotsa 7,500. N'chifukwa chake ulendo woyamba uja ndi wofunika kuti ulembedwe msanga. Ku California wogula sakakamizidwa kulandira galimoto ina ngati akufuna ndalama, ndipo galimoto yobwezedwayo imalembedwa m'mapepala ake kuti Lemon Law Buyback, kuti wodzagula wina adziwe.

Kusintha kumamveka kokoma kuposa mmene kumayendera. Galimoto "yofanana" iyenera kufanana injini, kabini, utali wa kumbuyo ndi zonse zoonjezera, ndipo mwina mtundu wa chaka chimenecho unatha. Ngati vutolo ndi la kapangidwe, yatsopanoyo ikhoza kubwera nalo. Zimene munaika nokha, monga denga la kumbuyo kapena chokokera ngolo, kawirikawiri sizilowa m'masamu. Ndipo samalani ndi wogulitsa amene akuti "bweretsani, tikupatseni ina pamtengo wabwino". Kumeneko ndi kugulitsa galimoto yanu ngati yogwiritsidwa kale ntchito n'kutenga ngongole yatsopano, ndipo kutsika kwa mtengo mumakusenza nokha. Njira yachitatu ndi yolandira ndalama pang'ono galimoto n'kukhala nayo. Pepala lake nthawi zambiri limakhala ndi mawu oti simudzadandaulanso, ndiye liwerengedwe ndi loya musanasaine.

Pali mafunso amene malamulowa, olembedwa galimoto zisanadzaze ndi makompyuta, sanayankhe bwino. Kampani ikatumiza pulogalamu yatsopano kudzera pa intaneti usiku galimoto ili pakhomo, popanda job card, kodi kumeneko n'kuyesa kukonza kowerengeka? Galimoto ikagona masiku 40 kudikira chipangizo chimene fakitale yalephera kutumiza, malamulo ena amachotsa masiku ochedwa pa zifukwa zoposa mphamvu za kampani, monga nkhondo, sitalaka kapena ngozi zachilengedwe. Kodi kusowa kwa zipangizo kulowe m'gulu limenelo? Ndipo pikapu imene yapita ku galaja kasanu ndi katatu, ulendo uliwonse ndi vuto lina laling'ono, lililonse n'kukonzeka, iwerengedwe bwanji? Australia inasintha lamulo lake mu 2020 kuti mavuto ang'onoang'ono angapo athe kuphatikizidwa kukhala vuto lalikulu. M'zigawo zambiri za United States galimoto yotereyi imadalirabe masiku 30 aja, ndipo ngati galaja inali yachangu pa ulendo uliwonse, masikuwo sakwana.